Ndalama ya Ndiwo Imathera pa Kaoda Kakang'ono

Ndikunena mosabisa kuti banja la ku Dedza limawononga ndalama zambiri likamagula tinthu ting'onoting'ono tsiku lililonse. Kachubu ka mafuta, kamulu ka tomato, kawokomani ka ufa: chilichonse chili ndi phindu la wogulitsa pamwamba, komanso mtengo wa kapepala komangira. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, za m'sitolo zakwera kwambiri, choncho nzeru ndi kutsamira pa zomwe nthaka yathu ikubereka. Kachewere wa ku Bembeke, kabichi ndi nyemba zimatsika mtengo nthawi yokolola, makamaka ukagula pa ndowa tsiku la msika ku Chimbiya kapena ku Lizulu.

Wina anganene kuti wa ganyu amalandira zochepa, sangakwanitse ndowa yathunthu. N'zoona, koma mabanja atatu akasonkherana amagula ndowa imodzi n'kugawana ndi mbale. Ena amaopa kuti ziwola. Kuno kumazizira, ndipo kachewere amakhalitsa akasungidwa pamdima pouma. Nkhwani ndi chitambe zimafutsidwa n'kudikira chilimwe. Chovuta chenicheni ndi thiransipoti, choncho apite mmodzi, enanu mumutume.