Kodi mumadziwa? Thirakitala yochotsa chipale chofewa

Madalaivala odutsa pachipata cha Mwanza kupita ku Durban anazolowera kutentha kwa ku Tete. Koma mu Seputembala 2024 chipale chofewa chinatseka msewu wa N3 wopita ku Durban pa Van Reenen's Pass, anthu n'kugona m'galimoto mpaka magiredala atatsegula njira.

Ku Canada, kumene chipalechi chimagwa chaka ndi chaka, amamangirira makina apadera ochotsera chipalecho kumbuyo kwa kathirakitala kapakhomo. Shafiti yozungulira ka 540 pa mphindi imayendetsa chitsulo chopotana chokokera chipale pakati, kenako chikupizo chimachiponyera kutali kudzera m'paipi. Nthawi zambiri dalaivala amayenda chambuyo ali chicheukire. Khosi lake kuwawa!

Wotchuka popanga makina otere ndi Arthur Sicard wa ku Quebec, mu 1925.