Tinjira ta Mkuwa M'mimba mwa Wailesi

Aliyense amene anatsegulapo wailesi yakufa kapena nyale ya sola anaona kathabwa kokhala ndi tinjira tonyezimira. Tinjira timeneti ndi ta mkuwa, cuma comwe cija cimene cimakumbidwa ku Mufulira ndi ku Chingola. Timagwira nchito ya mawaya, pakuti magetsi amadutsa m'menemo kucoka pa kacipangizo kena kunka pa kena. Anayambitsa luso limeneli ndi Paul Eisler wa ku Austria, amene analiyesa m'wailesi ali ku England m'caka ca 1936.

Ku Mpanshya, m'boma la Rufunsa, nyale ikafa ambiri amangoitaya, popeza ulendo wa ku Lusaka umadya ndalama zoposa mtengo wa nyaleyo. Komatu mwana amene wadziwa kupanga kathabwa kotere wayamba kumvetsa mmene magetsi amayendera, ndipo tsiku lina adzaukitsa zimene ena anataya.

Kapangidwe kake nkotere. Mumagula kathabwa komatidwa mkuwa mbali imodzi. Mkuwawo ndi wopyapyala, mamilimita 0.035 okha. Mukutsuke mpaka kawale, ndipo musakagwirenso ndi zala. Kenaka lembani tinjira tanu ndi colembera ca inki yosacoka ndi madzi. Amene ali pafupi ndi makina a fotokope angasindikize cithunzico motembenuza, monga cimaonekera pa kalilole, pa pepala losalala, naliika cafufumimba pa mkuwa ndi kulisita ndi simbi yotentha. Inki ya fotokope imasungunuka nimamatira. Pepala limacoka mukaliviika m'madzi.

Tsono mizani kathabwako m'mankhwala ochedwa ferric chloride, m'mbale ya pulasitiki, osati yacitsulo ai. Mankhwalawa amadya mkuwa wonse wosaphimbidwa, nasiya tinjira tokha. Akakhala ofunda, mphindi 20 kapena 30 zimakwanira. Musafulumire kuvuula, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Mukatsuka ndi kufufuta inki, boolani timabowo ta milimita imodzi, mulowetse miyendo ya tizipangizo ndi kuwocherera.

Apa makolo acenjere. Mankhwalawa amapsereza khungu ndi kuononga maso, ndipo akagwera pa covala banga lake silicoka. Mwana avale magolovesi ndi magalasi, agwirire nchito panja, wamkulu ali pomwepo. Mankhwala ogwiritsidwa kale nchito amakhala atadzala mkuwa, umene umapha nsomba. Asatayidwe pafupi ndi citsime, dimba kapena mtsinje. Asungidwe m'botolo lolembedwa bwino, kutali ndi ana aang'ono, ndipo lisakhale botolo la zakumwa. Wophunzira ayesere zopanga zake pa mabatire okha. Magetsi a ZESCO ndi a mavoti 230, ndipo amapha.

William Kamkwamba wa ku Kasungu ku Malawi anayamba ndi kuphwasula mawailesi, nadzamanga makina amphepo opangira magetsi ali mnyamata wa zaka 14. M'masukulu a muno m'Zambia muli magulu a JETS, momwe ana amaonetsa zimene apanga ndi manja ao. Cotero mukampeza mwana wanu atagwada pa wailesi yakale, musathamangire mkwapulo. Mufunseni cimene akufufuza, mupite naye kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo wailesi yakufa ija mumpatse ikhale yake.