MBALE YA CITSULO IMENE IGWIRA NGOLO YA LOLE

Aliyense wofika ku Kitwe amaona malole aakulu onyamula mkuwa pa mseu wa ku Ndola. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti ngolo yolemera ija igwiridwa ndi mbale imodzi ya citsulo, imene madalaivala aicha "fifth wheel", ndi msomali wonenepa mamilimita 50 wolowa pakamwa pace.

Amisiri amene amagula mabauti ndi zitsulo ku msika wa Chisokone aidziwa bwino nchito yoika mbaleyi. Ikhala patsogolo pang'ono pa ekiselo ya kumbuyo, kuti katundu asanyamule mawilo a kutsogolo. Mpando wace umangidwa ndi mabauti olimba, monga a nambala 10.9, m'mbali mwa zitsulo ziwiri zazitali za msana wa lole. Opanga malole aletsa kuwocherera pamsanapo, cifukwa moto ufooketsa citsulo, ndipo cing'aluka pa ulendo.

Tsono mlimi wofuna kukoka ngolo yaikulu ya cimanga asathamangire zochipa, pakuti ngolo ikamasuka pa mtsetse ipha anthu. Azipaka girisi pa mbaleyo, ndipo asananyamuke aziona ngati loko wagwiradi msomali.