Mlongo wanga akufuna udokotala wa ku Zomba

Mlongo wanga wamng'ono ali m'chaka chachinayi pa sukulu ya udokotala ku Blantyre, ija idatsegulidwa mu 1991 ndi dzina la College of Medicine. Tsiku la Khrisimasi adatiuza kuti akadzamaliza akufuna kudzaphunzira za matenda a maganizo. Amayi adabwezera mbamu m'mbale. "Iwe, ine kupsa ndi dzuwa ku Limbe kugulitsa kaunjika, kuti ukasamale amisala?"

Ndisaname abale, nane ndidaseka. Si tonse tidakula tikuopsezana kuti ukapitiriza zimenezo akutengera ku Zomba?

Usiku womwewo adandikhazika pakhonde. "Achimwene," adatero, "ku opaleshoni umacheka, umasoka, mawa wodwala akukuthokoza. Kuno kulibe ekisire yoonetsa misala. Umakhala pansi ola lathunthu, kumvetsera." Akuti choyamba amawaphunzitsa kukayika. Munthu wobwebweta mwina ndi malungo ofika ku ubongo, mwina khunyu, mwina kachilombo, mwina chamba kapena kachasu. Ukathamangira kunena kuti wapenga, wamalungoyo umupha.

Chidamukoka mtima ndi mayi wina amene adasokonezeka mutu atangobereka. Ankakana mwana wake. Abale adayamba kwa sing'anga, kenaka ku mapemphero, ku chipatala adafika naye atamumanga ndi chingwe. Adampatsa haloperidol, ndipo patatha masabata ochepa adamupeza akuyamwitsa. Adandiuzanso chimene sindinkadziwa: odwala aja timawaona akuyenda mouma thupi, dovu lili chuchuchu, nthawi zambiri si misala ayi, ndi mphamvu ya mankhwala, ndipo pali piritsi lina lochepetsa zimenezo.

Koma mtsikanayu sakudzinamiza. Akudziwa kuti mnzake wosankha za azimayi oyembekezera adzatsegula kiliniki yake, galimoto n'kugula. Wodwala maganizo kawirikawiri ntchito idamuthera kale, alipira chiyani? Akudziwanso kuti akamaliza digiri ndi kugwira ntchito yoyeserera, patsogolo pali zaka zina zinayi. Anzake ayamba kale kumutcha "wa ku Mental". Akuti chimamuwawa n'choti ena mwa onyozawo ndi ophunzira udokotala omwe.

Ine ndafika poima naye. Anthu tidakwana 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018, koma zipatala zodziwika za matendawa mukhoza kuziwerenga ndi zala za dzanja limodzi: Zomba Mental, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tsono mwana akadzipereka yekha kupita kumene ena akuthawa, ife tim'bweze chifukwa cha manyazi a pa msika?

Amayi sadavomerebe. Komatu kumudzi kuli malume athu amene akhala akutsekeredwa m'kanyumba zaka zambiri, nkhani imene pakhomo pathu sitiitchula. Tikum'perekeza mlongo wangayo ku depoti, ndidamva amayi akum'funsa chapansipansi: "Mankhwala udanena aja, kodi amalume ako angawathandize?"