Sukulu Yaing'ono ya Mishoni ndi Mudzi Woizungulira

Mphunzitsi amene wangotsiriza maphunziro ake ku koleji sasankha yekha kumene akagwire ntchito. Ambiri mwa inu mudzatumizidwa kumidzi, ndipo ena mudzapezeka pa sukulu yaing'ono ya Chikatolika m'boma la Machinga kapena la Balaka, pamene pali midadada iŵiri kapena itatu, mjigo, mtengo wa mango umene pansi pake pamaphunzirira ana, ndi katchalitchi ka nthambi poteropo. Sukulu yotere ili ndi eni ake atatu. Mpingo ndiwo mwini malo ndi dzina. Boma ndilo limalemba aphunzitsi, kuwalipira ndi kunena zoyenera kuphunzitsidwa. Mudzi ndiwo umabereka ana ndi kututa mchenga. Eni aŵiri oyambawo mudzawadziŵa msanga chifukwa adzakulemberani makalata. Wachitatuyo salemba kalata, koma ndiye angathe kudzaza kalasi lanu kapena kukusiyani mukuyang'anizana ndi mabenchi.

Kuti timvetse mmene mudzi umaionera sukulu ya mishoni tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, m'chaka cha 1901, ndipo mu 1908 adatsegula mishoni ya Utale, imene lero ili m'boma la Balaka. Kuchokera pa mishoni zotere ankatumiza aphunzitsi kukatsegula timasukulu m'midzi. Mphunzitsiyo ndiye analinso katekisiti, ndipo chisakasa chimodzimodzicho chinali sukulu m'kati mwa sabata, tchalitchi Lamulungu. Tsono kwa anthu a masiku amenewo kuloŵa sukulu ndi kuloŵa mpingo chinali chinthu chimodzi. Ayao ambiri a m'dera lino anali atalandira kale Chisilamu, ndipo makolo ankaopa kuti mwana akapita kukaphunzira a, e, i, o, u adzabwera ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Ambiri adawasunga ana awo pakhomo, nawatumiza ku madrasa kokha. Amene adakanizidwa sukulu pa chifukwa chimenechi ndiwo agogo a ana amene mudzawaphunzitse, ndipo mantha aja sadatheretu.

Zinthu zidasintha. Dayosizi ya Mangochi idakhazikitsidwa mu 1973, episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari, ndipo Balaka ali m'dayosizi imeneyi, pamene Machinga idagaŵana ndi dayosizi ya Zomba. Mu 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiŵerengero cha ana m'dziko muno chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Kuyambira pamenepo mwana amapita pa sukulu imene ili pafupi ndi kwawo, kaya mwini wake ndani. Chotero musadzadabwe poitana maina kupeza kuti pa sukulu yotchedwa dzina la woyera, ana Achikatolika ndi ochepa poyerekeza ndi Asilamu ndi a mipingo ina pamodzi.

Tsiku la sukulu limayamba ndi kusesa, kenaka ana amafola pabwalo, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi watsopano amayesedwa koyamba. Sukulu ya Chikatolika ili ndi ufulu wotsegula tsiku ndi pemphero lake, ndipo palibe chifukwa chobisira mtanda umene uli pakhoma. Koma kupemphera n'kwina, kukakamiza n'kwina. Mwana wa Chisilamu aime mwaulemu pamene anzake akupemphera, ndipo zimenezo n'zokwanira. Kumuyendera ndi kamtengo chifukwa sanachite chizindikiro cha mtanda ndiko kudzutsa mantha a agogo ake aja, ndipo nkhani yake idzafika pa mzikiti dzuŵa lisanaloŵe. Chimodzimodzinso tsiku la chikondwerero cha nkhoswe ya sukulu. Misa ndi ya amene aifuna, koma mpira, magule, maseŵero a zisudzo ndi nsima ya pambuyo pake n'za onse. Pogula ndiwo za tsikulo, mbuzi ikazingidwe ndi Msilamu. Kanthu kakang'ono kameneka ndiko kamanena ngati theka la ana lidya kapena lingopenyerera.

Wina angayese kuti tikukuza nkhani. Akumbukire za hijabu, mpango umene atsikana a Chisilamu amafunda kumutu. Mu 2019 mkangano wa chovala chimenechi udabutsa ziwawa pa sukulu ya Anglican ya M'manga m'boma la Balaka, ndipo sukulu idatsekedwa. Mu 2020 nyumba ya mphunzitsi wamkulu wa pa sukulu ya Chikatolika ya Mpiri, ku Machinga, idatenthedwa pa nkhani yomweyo. Mu Juni 2021 atsogoleri a mbali zonse ziŵiri, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, adasainirana pangano lolola mtsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'sukulu za mipingo zimene boma limathandiza. Pangano lidasainidwa ndi akuluakulu, koma amene amalisunga kapena kuliphwanya ndi mphunzitsi amene waima pakhomo la kalasi m'maŵa. Pa masabata amene sukulu imakhala yotseka, amene amataya maphunziro ndi ana a zipembedzo zonse.

Chida chimene sitikupatsani ku koleji kuno, koma chimene muyenera kudzipangira sabata yoyamba, ndi kalendala ya mudzi. Tengani pepala lalikulu, lembani miyezi yonse, ndipo mufunse akomiti ya sukulu, akatekisiti, ashehe ndi anyakwaŵa zimene zimachitika mwezi uliwonse. Musakopere ya chaka chatha, pakuti Pasaka amasuntha pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndipo mwezi wa Ramadani umafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. M'mwezi umenewu ana okulirapo amasala chakudya ndi madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuŵa kuloŵa. Ku Balaka, kumene dzuŵa limaswa mtengo, mwana wotere sangathamange kuzungulira bwalo masana, ndipo akakana phala si mwano. Phunziro lovuta monga masamu liikeni m'maŵa mitu ikadali yopepuka. Lachisanu musaike chilango kapena ntchito ya kumunda pa nthaŵi ya mapemphero a masana. Kumbukiraninso kuti mwana amene mwamupatsa ntchito yokalembera kunyumba ali ndi madrasa madzulo, pamene mnzake ali ndi katekisimu wokonzekera Ukaristia woyamba.

Pa kalendala yomweyo padzaloŵa zinamwali. Pakati pa Ayao anyamata amapita ku jando, atsikana ku nsondo, makamaka m'chilimwe anthu atakolola. Mafumu ambiri adagwirizana ndi boma kuti zinamwali zizitha sukulu zisanatsegulidwe, koma sizilephera kuti ena achedwe. Mnyamata wochokera ku ndagala amabwera akudziona kuti wakula, ndipo mudzi wonse umamuona chotero. Mukamunyoza pamaso pa tiana ta Sitandade 2 chifukwa wajomba sabata ziŵiri, simudzamuonanso. Muitaneni payekha, mumuonetse zimene anzake aphunzira, ndipo mumpatse udindo, kaya wosunga mpira kapena woliza belu. Za mwambowo musafunse m'kalasi. Ngati pali chodandaulitsa, monga mtsikana amene akunenedwa za ukwati, njira yake ndi ya mphunzitsi wamkulu, gulu la amayi oyang'anira atsikana, ndi mfumu.

Palinso nyengo za ntchito: kutola thonje ku Balaka, kuingitsa mbalame m'minda ya mpunga ndi kupita ku nsomba kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndiponso tsiku la msika, limene rejisitala idzakuuzani yokha.

Tsono za ntchito za chitukuko. Pa sukulu yaing'ono chimbudzi chikagwa ndi mvula, kapena denga likasasuka, palibe kontilakitala amene adzabwere maŵa lake. Makolo ndiwo amaumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi. Kumene kuli phala, monga la bungwe la Mary's Meals limene lidayamba ntchito yake m'Malaŵi mu 2002, amayi ongodzipereka ndiwo amalaŵirira kukasonkha moto. Apa pali msampha. Mpingo wa Katolika uli ndi njira yofulumira yofikira anthu ake, ndiyo miphakati, imene kwina amaitcha malimana. Timagulu timeneti tidakhazikika pambuyo pa misonkhano ya maepiskopi a kum'maŵa kwa Afrika ya mu 1973 ndi 1976, ndipo uthenga wolengezedwa Lamulungu umafika nyumba iliyonse ya Mkatolika pofika Lolemba. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amangopereka chilengezo ku tchalitchi n'kukhala pansi. Zotsatira zake n'zoti Akatolika amabwera okha, natopa, nayamba kunena kuti enaŵa amangodziŵa kutumiza ana. Enawo nawonso amati sitinaitanidwe, sukuluyo ndi ya eni ake. Uthenga wa ntchito ya sukulu udzere kwa mfumu, ndipo tsiku lomwelo upite ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku mipingo ina. Posankha komiti yang'anani ngati midzi yonse ndi zipembedzo zonse zilimo, ndipo musaitanitse msonkhano Lachisanu masana, Loŵeruka m'maŵa kumene kuli a Seventh Day, kapena Lamulungu.

Musapeputse kwaya ndi ng'oma. Gulu loimba la Alleluya Band lidayamba pa parishi ya Balaka mu 1978, pamene Bambo Mario Pacifici adasonkhanitsa achinyamata ndi kuwapezera zoimbira, ndipo m'gulu limeneli ndimo mudatuluka Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene nyimbo zawo zidamveka dziko lonse. Inu simudzakhala ndi magitala, koma ng'oma ndi zisekese zilipo. Pambali pa kwaya ya tchalitchi pakhale gulu la sukulu loimba ndi kuvina magule a komweko, monga manganje ndi beni, kuti mwana aliyense apeze poloŵera. Kholo limene silinapondepo pa sukulu limabwera mwana wake akamavina.

Zonsezi zikhoza kuloŵa m'kalasi. Ana a Sitandade 5 aŵerengere: ngati mdadada ufuna njerwa 60,000 ndipo midzi ndi 4, mudzi uliwonse uumba zingati? Nanga ngati mudzi wina uli ndi mabanja 50, wina 150, kugaŵa mofanana n'chilungamo kodi? Funso lachiŵirili makolo awo amakangana nalo pansi pa mtengo, ndipo ana adzalitengera kunyumba. Pa phunziro la Chicheŵa alembe kalata yoitanira makolo ku ntchito, ndipo yolembedwa bwino koposa ndiyo itumizidwe kwa mfumu. Kumbukirani kuti ana ambiri a Sitandade 1 ku Machinga amafika akulankhula Chiyao chokha. Ngati inu simuchidziŵa, phunzirani moni, kuŵerenga manambala ndi mawu oyamikira, ndipo mwana wodziŵa zinenero zonse ziŵiri mumukhazike pakati pa anzake kuti aziwatanthauzira.

Mukafika pa sukulu, mphunzitsi wamkulu adzakuperekezani kwa bambo mfumu a parishi kapena kwa akatekisiti. Mupempheni kuti sabata yomweyo akuperekezeninso kwa anyakwaŵa ndi kwa ashehe, ndipo popita musatenge kope kapena cholembera. Nenani dzina lanu, kwanu, ndi kalasi limene mwapatsidwa, kenaka mufunse maina a midzi imene ana anu amachokera ndi mitsinje imene amawoloka nthaŵi ya dzinja.