Khrisimasi ndi Pasaka: Ciyembekezo kwa Osweka Mtima



Caka ndi caka, pa Khrisimasi ndi pa Pasaka, nyumba zathu zopemphereramo zimadzaza. Komabe pali ena amene sitiwaona: mai amene ukwati wao unatha, mnyamata amene wangotuluka m'ndende, bambo amene mowa unawagwetsa, wamasiye amene analandidwa katundu pambuyo pa maliro. Ambiri amati adzabwera zinthu zikakhala bwino. Koma kodi masiku awiri amenewa ndi a anthu okhawo amene zonse ziwayendera bwino?

Tiyambe ndi Khrisimasi. Luka 2 atiuza kuti Yesu anagonekedwa modyera ziweto cifukwa m'nyumba ya alendo munalibe malo. Pamene Yosefe ndi Mariya anapita naye ku Kacisi ku Yerusalemu, anapereka mbalame ziwiri. Malinga ndi Levitiko 12:8, imeneyo inali nsembe ya mkazi amene sakanatha kupeza mwana wa nkhosa. Mateyu 2 aonjeza kuti banjali linathawira ku Aigupto usiku poopa Herode, ndipo ku Betelehemu amai anatsala akulira ana ao ophedwa. Mwana wa Mulungu anabadwira mu umphawi, m'mantha ndi pakati pa maliro. Conco palibe angati mabvuto ace ndi acilendo kwa Iye.

Khrisimasi itionetsa kuti Mulungu anabwera pafupi nafe. Pasaka itionetsa cimene anadzaticitira. Yesu anaperekedwa ndi wophunzira wace, anapacikidwa pakati pa acifwamba cifukwa ca macimo athu, ndipo tsiku lacitatu anauka. Taonani anthu amene anawafunafuna atauka. Woyamba kumuona anali Mariya wa Magadala, amene kale anali ndi ziwanda zisanu ndi ziwiri (Luka 8:2, Yohane 20). Petro anamkana katatu akuotha moto wamakala. Pa Yohane 21, Yesu anamkonzera cakudya pa moto wamakala m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, namfunsa katatu za cikondi cace, nampatsanso nchito yoweta nkhosa zace.

Tisaiwalenso cimene Tomasi anaona. Thupi la Ambuye woukayo linali likali ndi zipsera za misomali ndi mkondo. Apa tiphunzira kuti ciyembekezo cacikhristu sicifafaniza zonse zimene zinaticitikira. Ukwati wotha mwina sudzabwerera, ndipo amene tinaika m'manda sitidzawaona m'moyo uno. Cimene talonjezedwa ndi ici: wolapa amakhululukidwa, manda sadzatisunga kosatha, ndipo Mulungu amatuma anthu okhala ndi zipsera, monga anatumira Petro.

Kuno kwathu nyengo yeniyeniyo itithandiza kumvetsa. Khrisimasi imafika mbeu zili m'nthaka, nkhokwe zambiri zitayamba kutha. Pasaka imafika m'Marichi kapena m'Epulo, pamene tiyamba kudya cimanga caciwisi ndi maungu. Pakati pace pali miyezi ya njala. Pa Yohane 12:24 Yesu anayerekeza imfa yace ndi mbeu ya tirigu imene iyenera kugwa m'nthaka kuti ibale zambiri. Ena a ife tili m'miyezi yapakatiyo, koma mlimi sasiya munda cifukwa cimanga sicinace.

Conco kwa inu amene mwakhala kunyumba cifukwa ca manyazi kapena cisoni, tikuti bwerani mmene muliri. Musadikire kuti moyo uyambe wakonzeka.

Ndipo kwa ife otsala, akulu a mpingo, amai ndi acinyamata, nchito ilipo. Aliyense wa ife adziwa munthu mmodzi amene anasiya kubwera. Tisayembekeze kuti tsiku la cikondwerero lifike. Tipite kwao sabata ino, tikhale nao pansi, timve zao popanda kuweruza, tipemphere nao, ndipo pa Sondo tiwatenge tikhale nao pa benci limodzi.

Cisomo ca Ambuye wathu cikhale nanu nonse.