Chotupa cha m'chiberekero sichifuna mpeni nthawi zonse

"Adokotala, ndiye kuti muchotsa chiberekero?" Amayi ambiri amafunsa choncho ndikangowauza kuti sikani yaonetsa zotupa zomwe timazitcha mafayibuloyidi. Mantha amenewa ndiwo amawasunga kunyumba zaka zambiri, mpaka adzafike kwa ife zikhatho zitayera, akuchita befu pongokwera kachitunda, magazi atatheratu m'thupi.

Zotupazi si khansa, ndipo palibe amene wakulodzani. Ndi mnofu wa chiberekero chomwecho umene wakula n'kuundana. Zimakula ndi mahomoni omwe amayendetsa msambo, n'chifukwa chake zimafota mayi akasiya kusamba. Amayi akuda zimawapeza kawirikawiri, komanso akadali aang'ono. Pali zina ngati nsawawa, zina ngati dzungu, koma ine ndimayang'ana kwambiri pamene chotupa chakhala. Kakang'ono kotulukira m'kati mwa chiberekero kangathe kukhetsa magazi ochuluka kuposa chachikulu chokhala kunja, chomwe mwina chimangopanikiza chikhodzodzo n'kumakudzutsani usiku kukataya madzi.

Ngati sichikusowetsani mtendere, timangochiyang'anira. Ngati vuto ndi msambo wochuluka, timayamba ndi mankhwala: owonjezera magazi, tranexamic acid womwa masiku a msambo okha, kapena njira zolera monga jakisoni wa Depo ndi lupu ya mahomoni. Amenewa amabwezeretsa magazi kapena kuchepetsa kutayika kwake, koma chotupacho sachisungunula. Aliponso jakisoni wochifotetsa kwa miyezi ingapo pokonzekera opaleshoni, koma mukausiya chimakulanso. Ndinene mosabisa, mankhwala azitsamba osungunula chotupa otsatsidwa pa Facebook akudyera amayi ndalama ndi nthawi, magazi akutayikabe.

Opaleshoni ilipo ya mitundu iwiri. Mayi wofuna kudzabereka timamuchotsa zotupa zokha, chiberekero n'kuchisokanso. Ndi ntchito yotaya magazi ambiri, choncho timayamba taonetsetsa kuti m'thupi muli okwanira ndipo ena oikidwa alipo. Zotupa zingathe kudzameranso, ndipo mayiyo amafunika kudikira miyezi ingapo asanatenge pakati. Pobereka mwana, ena timawalangiza kudzachitidwa opaleshoni kuti chipsera chisang'ambike. Kwa amene anamaliza kubereka ndipo wavutika kokwanira, kuchotsa chiberekero kumathetseratu nkhaniyo. Pano mpamene mphekesera zimandiwawitsa mtima. Akuti mayi amasanduka mphako, bambo sangasangalalenso naye. Bodza. Njira ya abambo imatsala momwemo, ndipo tikasiya timatumba ta mazira thupi limapitiriza kupanga mahomoni ake. Chomwe chimatha ndi msambo ndi kutenga pakati.

Tikang'amba pamimba, kuchipatala mumakhala masiku atatu mpaka asanu. Timakudzutsani m'mawa mwake kuti muyende pang'onopang'ono, ngakhale bala likuwawa, poopa kuti magazi angaundane m'miyendo. Kunyumba, kwa masabata 6 musasenze ndowa, musasinje, musagwire khasu, ndipo za m'nyumba zidikire kaye. Apa mpofunika abambo, apongozi ndi achemwali, chifukwa ndaonapo mabala abwinobwino atatseguka mayi atapita kudambo kukachapa poopa kutchedwa waulesi. Mayiyo adyeko chiwindi, usipa, nyemba ndi bonongwe, apitirize kumwa mankhwala a magazi. Koma thupi likatentha, bala likatupa kapena kutuluka mafinya, magazi akayambanso kutuluka kwambiri, kapena mwendo umodzi ukatupa, musadikire tsiku limene tinakulemberani m'buku la kuchipatala. Bwerani tsiku lomwelo.